Lionfish: nsomba yokongola imene oteteza nyanja akuisaka ndi mikondo

  Lero tikutsikira pansi pa nyanja yamchere, kumbali ya Florida ndi zilumba za Caribbean, kukaona nkhani imene ukaimva koyamba umaganiza kuti makutu akunamiza. Anthu oteteza zamoyo za m'nyanja, omwe aja amakukalipira ukangokhudza korali ndi chala, ndi omwewonso akuuza anzawo kuti tengani mkondo, tsikirani pansi, nsomba iyi mukaiona ibayeni, mukatuluka mukaikazinge. Boma nalo likuvomereza, mpaka kuikapo mphoto. Nsombayo ndi lionfish.

Ngati simunaionepo, imitsani kaye pulogalamuyi muisake pa foni, chifukwa kukongola kwake n'kovuta kufotokoza pakamwa. Thupi lonse ndi mizeremizere, yofiira, yoderako ndi yoyera. Zipsepse zake zimatambasuka ngati nkhukundembo ikamadzionetsera, ndipo pamsana pali minga italiitali yoimirira. Dzina lakelo likuchokera pamenepo, akuti zipsepsezo zikufanana ndi manyenje a mkango. Si nsomba yaikulu kwenikweni, yonenepa kwambiri imangopitirira pang'ono masentimita 45. Koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tisanapite patali timvane chinthu chimodzi, makamaka inu a ku South Africa. Lionfish si yoipa kulikonse. Kwawo ndi nyanja za Indian ndi Pacific komanso Red Sea, ndipo gombe la Mozambique ndi la KwaZulu-Natal ndi kwawonso. Mukapita ku Sodwana Bay kapena ku Aliwal Shoal kufupi ndi Durban mukhoza kuiona, kumeneko ambiri amaitchula kuti devil firefish. Imakhala apa imodzi, apo imodzi, sivutitsa aliyense, ndipo palibe chifukwa choisakira. Vuto lili kutsidya, ku Atlantic, kumene inafika popanda woiitana.

Inafikako bwanji? Yoyamba kulembedwa m'mabuku inaoneka mu 1985 kufupi ndi Dania Beach ku Florida. Pali nthano imene mudzaimve kawirikawiri, yoti namondwe wotchedwa Andrew mu 1992 anaswa thanki ya nsomba m'mphepete mwa Biscayne Bay, nsomba zingapo n'kuthawira m'nyanja. Ndi nkhani yokoma kuifotokoza, koma zaka sizikugwirizana: nsombayi inali itaoneka kale zaka 7 namondweyo asanabwere. Chimene asayansi ambiri amakhulupirira n'chosavuta, ndipo n'chochititsako manyazi. Anthu ankagula lionfish kuti aziweta m'mathanki agalasi kunyumba. Umakagula kali kakang'ono, kokongola. Pakapita miyezi kakula, kameza tinsomba tonse timene unagula ndi ndalama zako, ndipo sungakagwire ndi manja. Kukapha ukumva chisoni, ndiye ukukanyamula m'ndowa n'kukakatsanulira m'nyanja, mumtima n'kumati ndachita chifundo. Atayeza majini a lionfish za ku Atlantic anapeza kuti zikuchokera kwa makolo ochepa kwambiri. Ndiye kuti chipwirikiti chonsechi chiyenera kuti chinayamba ndi ndowa zowerengeka chabe.

Apa ndipatuke pang'ono. Mbuna za ku Nyanja ya Malawi zili m'gulu la nsomba zodziwika kwambiri m'masitolo a nsomba zoweta ku Britain, ku America ndi ku Germany, ndipo mwina ena mwa inu muli nazo pabalaza. Tsiku limene mwatopa nazo, kapena mukusamuka nyumba, zibwezeni kusitolo kapena mupatse mnzanu amene ali ndi thanki. Osati mumtsinje, osati m'dziwe la kupaki. Basi, tibwerere ku Florida.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo uyu sanali mame. Kwa zaka pafupifupi 15 lionfish zinkangooneka mwa apo ndi apo, kenako zinawanda mwadzidzidzi. Pofika 2000 zinali ku North Carolina ndi ku Bermuda, mu 2004 ku Bahamas, mu 2009 zinafika ku Bonaire kufupi ndi Venezuela, mu 2010 zinali zitalowa mu Gulf of Mexico, ndipo mu 2014 ina inagwidwa ku Brazil. Amene munaonapo namasupuni atatseka mtsinje wa Shire mpaka kusokoneza magetsi ku Nkula mukulidziwa kale khalidwe limeneli. Nayenso namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo anthu anamufalitsa padziko chifukwa cha maluwa ake okongola.

Chimene chikuipatsa mphamvu lionfish ndi kuberekana. Yaikazi imayamba kuikira mazira ikakwanitsa pafupifupi chaka chimodzi, ndipo kumene madzi ndi ofunda imaikira chaka chonse, pakangopita masiku ochepa yaikiranso. Pachaka mazira amafika pafupifupi 2 miliyoni. Amatuluka atakulungidwa m'chinthu choterera ngati therere, n'kuyandama pamwamba pa madzi, ndipo tiana tikaswa timatengedwa ndi madzi oyenda a m'nyanja kwa pafupifupi mwezi wathunthu tisanatsikire pansi kukakhazikika. Nsomba imene yaikira pano, ana ake akhoza kukakulira makilomita mazanamazana kutali. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Chachiwiri, ku Atlantic palibe chimene chimaidya mokwanira kuti ichepe. Shaki komanso nsomba zikuluzikulu zotchedwa grouper nthawi zambiri zimangoiyang'ana n'kuilambalala. Nazo nsomba zing'onozing'ono za kumeneko siziidziwa kuti ndi mdani. Zinazolowera kuthawa barracuda ndi grouper, koma chinthu choyenda mwaulesi chooneka ngati tsamba loyandama sichiziopsa. Lionfish imayandikira pang'onopang'ono, kutambasula zipsepse n'kupanikizira kansomba pangodya ya mwala. Nthawi zina imakapemerera madzi kumaso, kansombako n'kutembenuka kuloza mutu kumene madziwo akuchokera, ndiko kuti kukamwa kwa mdani. Kenako kamodzin'kamodzi, kamezedwa kathunthu. Mimba yake imatha kufutukuka kuwirikiza 30, ndipo asayansi otumbula nsombazi apezamo mitundu ya nsomba yoposa 50, osawerengera tinkhanu ndi tizamoyo tina ta m'miyala.

Manambala ake ndi awa. Mu 2008 Mark Albins ndi Mark Hixon a ku Oregon State University anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ku Bahamas. Anaika lionfish imodzi imodzi pa timatanthwe tina ta pansi pa nyanja, tina n'kutisiya topanda. Patatha masabata 5 okha, tiana ta nsomba tokhazikika pamene panali lionfish tinali tochepa ndi 79 peresenti poyerekeza ndi penapo. Imodzi yokha, anzanga. Kafukufuku wina, wa Stephanie Green ndi anzake kufupi ndi chilumba cha New Providence, anapeza kuti pakati pa 2008 ndi 2010 nsomba zing'onozing'ono zimene lionfish imadya zinatsika ndi 65 peresenti poyeza kulemera kwake.

Mwina wina akuti, aaa, tinsomba tangati matemba ito tikudandaulitsa ndani? Chikhalirenicho, mwa tinsomba timeneto muli ana a grouper ndi snapper, zimene zikakula ndizo ndiwo ndi ndalama za asodzi a ku Caribbean. Mulinso ana a parrotfish, nsomba zimene ntchito yake ndi kubudula ndere pa makorali. Korali si mwala wamba, ndi tizamoyo timene timamanga zigoba zolimba n'kumaunjikana mpaka kukhala matanthwe, ndipo timafuna kuwala kwa dzuwa. Zobudula ndere zikachepa, ndere imaphimba makorali ngati udzu m'munda wosalimidwa. Matanthwe akafa, nsomba zisowa pobisala, alendo odzaona nyanja asiya kubwera, ndipo mafunde afika kumtunda ndi mphamvu zawo zonse. Pachilumba chimene anthu ake amadalira usodzi ndi alendo, imeneyi ndi nkhani ya chakudya cha pa mbale.

Nanga bwanji osangoponya khoka n'kuzikokolola? Lionfish imakhala m'mapanga ndi pansi pa miyala, ukonde ungakodwe m'makorali n'kuwathyola, n'kugwira zina zonse kusiya yolakwayo. Mbedza siikonda kwenikweni. Mankhwala ndiye osayerekeza, angaphe chilichonse. Njira imene yatsala ndi yakalekale: munthu mmodzi, mkondo umodzi, nsomba imodzi. Apa ndi pamene pakulowera anthu osambira pansi pa nyanja atabereka silinda ya mpweya kumsana, zida zimene amati scuba, anthu amene ambiri timangowati madaiva. Ndipo chinthu chomwecho chimene chinaipatsa lionfish ufumu ndicho chikuiphetsa. Siopa kanthu. Imadalira minga yake, ndiye daiva akamayandikira imangokhala phee, kumuyang'ana.

Mkondo wake si mfuti zazitali zija zosakira nsomba zikuluzikulu. Ndi kandodo kafupi, kotalika ngati mkono kapena kupitirirako, kokhala ndi nsonga zitatu kutsogolo ndi labala kumbuyo. Umakoloweka labala pachala, n'kukokera dzanja kutsogolo kwa ndodo kuti labalayo akungike, kenako kutaya. Amene munasewerapo ndi legeni mwamva kale. Daiva amayandikitsa nsonga mpaka patsale kadanga kochepa, n'kuloza kumutu, kuseri kwa diso. Ayeneranso kuona chimene chili kuseri kwa nsombayo, chifukwa akaphonya mkondo ukabaya korali amene wabwera kudzateteza. Masana lionfish zimakonda kubisala pansi pa matanthwe, zina zitapendekeka chagada kudenga kwa phanga, ndiye mlenje wabwino amayenda akusuzumira ndi tochi. M'mamawa ndi madzulo ndi pamene zimatuluka kukasaka.

Wabaya, ndiye nanga uisunga pati? Sungaiike m'thumba, minga ingaboole n'kukupeza pantchafu. Ambiri amagwiritsa ntchito paipi yaikulu yapulasitiki yolimba, yotseka pansi, yokhala ndi pakamwa polowa koma posatulukika. Umalowetsa mkondo pamodzi ndi nsomba, ukamasolola mkondowo nsomba imatsalira m'kati. Yodziwika kwambiri ndi ya dzina loti ZooKeeper, koma ena amangodzipangira okha. Kawirikawiri amatsika awiriawiri, wina kusaka, wina kuyang'anira mnzake ndi nthawi.

Nthawi ndiyo nkhani yaikulu pansi pa madzi, ndipo apa ndifotokoze bwino chifukwa ndi pamene pali malire a nkhondo yonseyi. Ukamatsika, madzi amakupanikiza. Pa mamita 30 kupanikizako n'kowirikiza kanayi kwa pamtunda, ndiye mpweya wa m'silinda umathanso msanga kanayi. Komanso naitirojeni wa mumpweyawo amalowerera m'magazi ndi m'minofu. Ukakhalitsa pansi kenako n'kukwera mothamanga, amachita thovu m'thupi ngati botolo la Fanta logwedeza limene walitsegula mwadzidzidzi, ndipo zimenezi zimapundula, zimapha. N'chifukwa chake pa mamita 30 daiva wamba amakhala ndi mphindi pafupifupi 20 zokha, ndipo amene amasambira mongosangalala saloledwa kupitirira mamita 40. Ngozi yeniyeni ya mlenje wa lionfish nthawi zambiri si nsombayo ayi. Ndi mtima uja woti ndibaye imodzi yokha yomaliza, iwe uli kutsetserekera pansi, geji ya mpweya osaiyang'ana.

Koma minga nayonso si yamasewera. Ilipo 18 ya ululu: 13 pamsana, 3 pansi kufupi ndi mchira, ndi 2 pa zipsepse za pamimba. Zipsepse zikuluzikulu zokongola za m'mbali zija zilibe ululu. Munga uliwonse uli ndi timingalande m'mbali momwe muli ululuwo, ndipo ndi wokutidwa ndi kakhungu. Ukakubaya, kakhunguko kamang'ambika, ululu n'kulowa. Ululuwu kawirikawiri supha munthu wathanzi, koma umapweteka koopsa, dzanja limatupa, ena amachita nseru ndi chizungulire. Tsono taganizani zikukuchitikira uli mamita 25 pansi, pamene suyenera kuthamangira pamwamba ngakhale zitavuta bwanji. Uyenera kuuza mnzako ndi chizindikiro cha manja, n'kukwera pang'onopang'ono ukulira m'kati mwa magalasi. Mukafika m'boti, chithandizo choyamba ndi madzi otentha amene munthu angapirire osapsa nawo, kuviikamo malo obayidwawo kwa mphindi 30 mpaka 90, chifukwa kutentha kumafooketsa ululuwo. Alenje odziwa ntchito sanyamuka opanda fulasiki. Kenako kuchipatala, makamaka ngati kachidutswa ka munga katsalira. Ndipo nsomba yakufa imabayabe. Ambiri amavulalira m'boti kapena pa tebulo lotumbulira, ntchito yoopsa itatha kale, n'chifukwa chake amayamba adula minga ndi sizasi yolimba.

Maboma anachita kusintha malamulo. Ku Florida, bungwe la Florida Fish and Wildlife Conservation Commission linachotsa lamulo loti ukhale ndi laisensi ya usodzi ngati ukusaka lionfish ndi kamkondo kaja kapena kaukonde ka pamanja, ndipo palibe malire a chiwerengero. Ipha zimene ungathe. Mu 2014 analetsanso kulowetsa lionfish zamoyo m'chigawocho. Ku Bonaire zinali zovutirapo, chifukwa kumeneko kusaka nsomba ndi mkondo kunaletsedwa kuyambira 1971 ndipo anthu amanyadira lamulolo. Bungwe la STINAPA, limene limayang'anira nyanja yozungulira chilumbacho, linapeza njira yapakati: kamkondo kapadera kotchedwa ELF, kosafika patali, kololedwa kwa okhawo amene aphunzitsidwa ndi kulembetsa.

Kenako kunabwera mipikisano. Woyamba wodziwika unachitika mu 2009 ku Green Turtle Cay ku Bahamas, mothandizana ndi bungwe la REEF la ku Key Largo, ndipo tsiku limodzi anatulutsa lionfish 1,408. Masiku ano waukulu kwambiri ndi Emerald Coast Open wa ku Destin, Florida, umene mu 2023 unachotsa zoposa 20,000. Mphoto zimapita kwa amene wagwira zambiri, amene wagwira yaikulu, komanso, mverani izi, amene wagwira yaing'ono kwambiri. Si nthabwala. Popanda mphoto imeneyo aliyense angamathamangire zonenepa zojambulitsa, tating'ono n'kutsala, pomwe chaka chamawa ndito tidzakhale tikuikira mazira. Asayansi nawo amadikirira padoko ndi matepi oyezera ndi mipeni, chifukwa palibe tsiku lina limene angapeze nsomba zochuluka chonchi zoti afufuze.

Tsopano funso lenileni: kodi zonsezi zikuthandiza? Ngati mukutanthauza kuti lionfish idzatha ku Atlantic, yankho ndi ayi, ndipo asayansi anasiya kalekale kulonjeza zimenezo. Kumbukirani mazira oyandama aja. Mutha kuyeretsa thanthwe lanu lero, madzi n'kukubweretserani tiana tochokera kwina. Kumbukiraninso mamita 40 aja. Lionfish zaonekapo pa mamita 300, kumene daiva wamba sadzafikako, ndipo kumeneko zikudya ndi kuberekana mwamtendere. Kafukufuku wina wa 2011 anawerengera kuti chiwerengero chonse chitsike, payenera kumachotsedwa zazikulu zopitirira gawo limodzi mwa magawo anayi mwezi uliwonse. Panyanja yonse, kuyambira North Carolina mpaka Brazil, ndani angakwanitse?

Koma ntchito imeneyi muziiona ngati kupalira. Mlimi sapalira kuti udzu uthe padziko lonse, amapalira kuti chimanga cha m'munda mwake chikule, ndipo amadziwa kuti abwereranso ndi khasu lomwelo. Stephanie Green uja ndi anzake anayesa zimenezi pa matanthwe 24 kufupi ndi chilumba cha Eleuthera kwa miyezi 18. Anawerengera kuti thanthwe lililonse lingapirire lionfish zingati nsomba zake zisanayambe kutha, n'kumachotsa zopitirira pamenepo. Pamene lionfish zinasungidwa pansi pa mlingowo, nsomba za komweko zinachuluka ndi 50 mpaka 70 peresenti. Pamene zinasiyidwa zambiri, nsomba zinapitiriza kutha. Chosangalatsa n'chakuti sipanafunike kupha zonse. Zomaliza zija, zobisala kwambiri, ndizo zimadya nthawi ndi mpweya wambiri, ndipo nthawi imeneyo ndi bwino kukaithera pa thanthwe lotsatira. Ku Bonaire ndi ku Curaçao nakonso anapeza kuti malo amene alenje amafikako kawirikawiri ali ndi lionfish zochepa kwambiri kuposa malo osafikika.

Kwa ine, mipikisano ikuluikulu ija ndi yabwino pokopa makamera ndi kuphunzitsa anthu, koma amene akusunga matanthwe ndi daiva wa pachilumba amene amatsika Lachiwiri lililonse pamalo omwewo, popanda mphoto, n'kubwerako ndi zisanu. Munda wopalira kamodzi pachaka mukuudziwa momwe umaonekera.

Nayo nsomba ikuphunzira. Isabelle Côté ndi anzake anapeza mu 2014 kuti pa matanthwe osakidwa kawirikawiri lionfish zimabisala m'kati kwambiri masana ndipo zimachenjera msanga daiva akamayandikira. Imene waiphonya kapena kuikalula lero, mawa sidzakudikiranso. N'chifukwa chake ophunzitsa amalimbikira kunena kuti ngati sunalunjike bwino, usataye labala.

Panali nzeru ina imene inaoneka yanzeru poyamba. Ku Roatán ku Honduras ndi malo ena, madaiva ankabaya lionfish n'kuipereka kwa shaki, grouper kapena mikunga ikuluikulu ya m'mapanga, poganiza kuti zikalawa zidzayamba kusaka zokha. Zilombozo zinaphunziradi, koma phunziro lina: munthu wonyamula mkondo ndi amene amabweretsa chakudya. Zinayamba kulondola madaiva, kukankha mapaipi osungira nsomba, ndipo ena analumidwa. Lero malo ambiri amaletsa mchitidwewu.

Za kuya kuja anthu sanagone. Steve Gittings, wasayansi wa ku NOAA, bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo, anapanga msampha wopanda nyambo. Ukafika pansi umatseguka n'kugona chafulati, pakati pali kachimango koimirira. Lionfish, poti zimakonda kuunjikana pa chilichonse choimirira pamchenga, zimabwera kudzakhalapo, ndipo ukamakoka chingwe msamphawo umatsekeka ngati chikwama. Ubwino wake ndi woti nsomba zina zambiri zimathawa usanatsekeke, pomwe mfumu yosaopa ija imangokhala. Ena anapanga maloboti. Ina yotchedwa Guardian inayesedwa ku Bermuda mu 2017, imakomola nsomba ndi magetsi n'kuiyamwira m'kati, munthu akuiyendetsa ali m'boti. Zonsezi zikadali zoyesayesa, sizinafike pochotsa nsomba zochuluka ngati mikondo. Chilengedwe nacho chinaponyapo mwala wake: mu 2017 lionfish za kumpoto kwa Gulf of Mexico zinayamba kuoneka ndi zilonda pakhungu, ndipo chaka chotsatira chiwerengero chake kumeneko chinatsika kwambiri.

Tifike ku nkhani ya m'mbale, imene ndikudziwa kuti ena mwakhala mukuidikira. Inde, imadyedwa, ndipo ndi yokoma. Ululu uli m'minga mokha, mnofu ulibe. Ndi woyera, wofewa, wosanunkha kwambiri. Anthu amaikazinga, kuiwotcha, kuiika mu taco, ena kuidya yosaphika atainyika m'madzi a mandimu. NOAA inayambitsa kampeni yolimbikitsa anthu kuidya, masitolo a Whole Foods ku Florida anayamba kuigulitsa mu 2016, ndipo ku Colombia anafika popempha ansembe a Katolika kuti azilimbikitsa akhristu kudya lionfish Lachisanu ndi nthawi ya Lenti. Ku Belize kuli amayi amene amapanga ndolo ndi mikanda kuchokera ku zipsepse zake, zimene zimawonjezera mtengo wa nsomba iliyonse kwa msodzi.

Chenjezo lilipo limodzi. M'madera ena a Caribbean nsomba zodya zinzake, monga barracuda ndi grouper, zimasunga poizoni wotchedwa ciguatera wochokera ku tindere tosaoneka ndi maso, ndipo lionfish nayo ikhoza kukhala naye. Ameneyu saphikika, moto sumuchotsa. Ndiye ukafika pachilumba, funsa eni dera kuti nsomba za mbali iti sadya. Vuto lina ndi mtengo. Nsomba iliyonse yachita kubayidwa ndi munthu amene walipira boti, mafuta ndi mpweya, ndiye singatchipe ngati ya m'khoka. Malesitilanti ambiri amaifuna koma sapeza woabweretsera mokhazikika. Pali ngakhale ena amene amada nkhawa kuti ikasanduka bizinesi yonona, anthu adzayamba kufuna kuti isathe. Pakadali pano nkhawa imeneyo ndi yakutali, nsombazo zachulukitsa.

Inu a ku Britain musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ku America kokha. Nyanja ya Mediterranean nayo yalowedwa, koma kudzera khomo lina: ngalande ya Suez, imene inalumikiza Red Sea ndi Mediterranean mu 1869. Lionfish yoyamba inaoneka kugombe la Israel mu 1991, kenako kunali zii kwa zaka 20, mpaka 2012 pamene zinaonekanso ku Lebanon. Patangopita zaka zochepa zinali zitazungulira Cyprus n'kufika ku Turkey ndi ku Greece. Malamulo a European Union saloleza kusaka nsomba ndi mkondo utavala scuba m'nyanjayi, ndiye ku Cyprus, pansi pa pulojekiti yotchedwa RELIONMED, panafunika chilolezo chapadera kuti magulu ophunzitsidwa azichotsa lionfish m'malo otetezedwa. Chimene chikuziletsa kukwera kumpoto ndi kuzizira: madzi akafika madigiri 16 zimasiya kudya, akafika pafupifupi 10 zimafa. Ndiye ku Brighton musade nkhawa. Koma Mediterranean ikunka ifunda.

Mukapita ku holide ku Cyprus, ku Crete kapena ku Antalya n'kuiona m'madzi osaya pafupi ndi miyala, ijambuleni muli patali, manja osapisa m'mapanga. Mukafuna kulowa nawo gulu la alenje, yambani mwapeza satifiketi ya scuba, kaya kumene muliko kapena ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear mukapita kumudzi, kenako kosi yapadera ya lionfish, imene masukulu ambiri a madaiva ku Florida ndi ku Caribbean amaphunzitsa. Ndipo funsani malamulo a dziko limene mwafikalo musanagule mkondo, chifukwa chimene ku Destin amakupatsira mphoto, m'malo otetezedwa a ku Sodwana angakumangire.